Bokosi la chithunzi lomwe linkaphethira: lipoti la magetsi a LED pa ntchito ya scroll saw

Lipotili ndi la bokosi la chithunzi chowala lomwe linandipeza litawonongeka kale. Ndalilemba chifukwa amisiri ambiri amene ayamba kuika magetsi a LED m'zinthu zodula ndi scroll saw (makina odulira zithunzi pa matabwa ndi kampeni kowonda kamano) akugwa m'mbuna yomweyi, ndipo mankhwala omwe amathamangira ndi amene amakulitsa matenda.

Mwini wake ndi bambo wachikulire amene atapuma pa ntchito anagula scroll saw yoti azitayira nthawi. Dzanja ali nalo ndithu. Anadula chithunzi cha nkhalango pa mapulayiwudi asanu a mtengo wa birch a mamilimita 3: kutsogolo udzu, pakati tchire ndi mitengo, kumbuyo kwenikweni nthambi zazitali zokhala ndi mbalame. Anawasanjikiza motalikirana mamilimita 6 m'felemu yomwe mkati mwake ndi masentimita 40 m'litali ndi 30 m'lifupi. Kuseri kwa thabwa lachisanu anamata pepala lopyapyala lodutsa kuwala, ndipo kuseri kwa pepalalo anasiya mpata wa mamilimita 15 okha woikamo magetsi. Ankafuna kuti mdzukulu wawo azigona nalo likuyaka kuchipinda.

Mmene vuto linayambira

Poyamba anazunguliza lamba wa LED (kamzere kopindika kokhala ndi timababu tondandalika) mkati mwa felemu, mamita 1.4, wa mtundu wa 5050 wokhala ndi timababu 60 pa mita imodzi, woyendera 12V. Adaputa inali ya 12V 2A. Atayatsa, m'mbali munawala mothobwa m'maso, koma pakati, pomwe pali mbalame, panali bii. Iwo anangoti magetsi achepa. Anamata mizere ina inayi ya masentimita 40 pa thabwa lotsekera kumbuyo, yoyang'ana kutsogolo, lamba yense n'kukwana mamita 3. Mdima unathadi, koma pa pepala panatuluka timadontho towala tondandalika, toti munthu n'kumawerenga kamodzikamodzi. Anangovomera zimenezo, n'kumata thabwa lakumbuyo ndi guluu kuti fumbi lisamalowe.

Kuphethira kunabwera pambuyo pake. Likangoyatsidwa linkayaka bwino, koma pakapita kanthawi linkayamba kuzima ndi kuyaka lokha. Poganiza kuti adaputa yafooka analumikiza chaja ya laputopu ya 19V, popeza pulagi yake inkalowa. Akuti linawala kuposa kale lonse, mpaka anamva kafungo ka pulasitiki yopsa n'kuzula msanga. Atabwezera adaputa yakale, ngodya ina inali itazimiratu ndipo kuwala kotsalako kunali kotuwa, kopendekera ku buluu.

"Amisiri, kanthuka kandithetsa nzeru," anatero polipereka. "Kakayaka pang'ono kakumaphethira ngati indiketa ya galimoto."

Zomwe ndinapeza mkati

Kutsegula kwenikweniko kunali ntchito. Guluu woyera wa matabwa amafewa ndi chinyezi komanso kutentha, koma pulayiwudi yopyapyala yodzaza timabowo siyifuna zonse ziwirizi. Ndinacheka thabwa lakumbuyo ndi macheka apamanja opyapyala motsatira mzere wa guluu, n'kulitaya.

Mizere iwiri mwa inayi ija inali itamatuka n'kutsamira pa pepala, ndipo paliponse pomwe kababu kanagunda panali kabanga kabulauni. Thabwa lakumbuyolo analipaka mafuta a linseed asanamate lamba. Zomatira za kumsana kwa lamba sizigwira pa thabwa lamafuta kapena lautuchi, ndipo zikatenthedwa zimafewa n'kusiya. Mawaya anawalumikiza pongopotokola n'kukulunga tepi yakuda. Tepiyo inali itasendezeka, waya wa positive ndi wa negative atatsala pang'ono kukhudzana. Chingwe cha adaputa chinangolowa pa bowo popanda chochigwira, moti mwana akanachikoka, mphamvu yonse ikanathera pa mawaya opotokolawo.

Masamu ake ndi achidule. Lamba wa 5050 wa timababu 60 pa mita amalembedwa kuti amadya ma watt 14.4 pa mita imodzi. Mamita 3 ndi ma watt 43, zomwe pa 12V ndi ma amp 3.6. Adaputa ya 2A imathera pa ma watt 24. Ngakhale lamba woyamba uja wa mamita 1.4 ankadya kale ma watt 20, pomwe pa ntchitoyi timasiya mpata wa magawo 20 pa 100 kuti adaputa isamagwire ntchito ikubanika. Adaputa zamasiku ano zambiri zili ndi chitetezo: katundu akachuluka kapena ikatentha kwambiri imadzizimitsa, n'kuyesanso, n'kuzimanso. Kuphethira kuja kunali adaputa ikudziteteza. Panthawiyo timababu tinali tikadali tamoyo.

Chinapha timababu ndi chaja ya 19V. Lamba wa 12V amagawidwa m'tizigawo ta timababu titatu totsatizana, pamodzi ndi resistor. Kababu koyera kalikonse kamatenga pafupifupi 3.1V, titatu ndi 9.3V, ndipo 2.7V yotsalayo imagwera pa resistor, yomwe ndiyo imaletsa magetsi kudutsa mopyola muyeso. Mukapereka 19V, timababu timatengabe pafupifupi zomwe tinkatenga, resistor n'kusenza 9V kapena kuposerapo. Magetsi odutsa amakwera pafupifupi katatu. Munthu amaona ngati 19 ndi 12 sizinatalikirane, osadziwa kuti kusiyana konseko kukugwera pa kachinthu kamodzi. Ndipo kababu kamodzi kakaduka mkati, tinzake tiwiri ta m'chigawocho timazima nako, n'chifukwa chake lamba wopsa amazima titatutitatu.

Kutuwa kwa kuwala nako kuli ndi chifukwa. Kababu komwe timati koyera kwenikweni ndi ka buluu, kokutidwa ndi phosphor wachikasu amene amasandutsa mbali ina ya kuwalako. Kutentha kukapyola, chokutiracho chimawonongeka, kuwala kumachepa ndipo mtundu umasintha. Sizibwereranso.

Mawu akuti LED siyitentha asocheretsa anthu ambiri. Babu lakale limaponya kutentha kutsogolo pamodzi ndi kuwala, munthu n'kukumva pa dzanja. LED imasunga kutentha kwake kumsana, pa lamba penipeni, ndipo pa malamba otere mphamvu yoposa theka imasanduka kutentha. Thabwa silichotsa kutentha, limangokusunga pomwepo. Maola masauzande ambiri aja olembedwa pa paketi amawerengedwa pa LED yomwe ikuzizira bwino, osati yotsekeredwa m'bokosi lomata ndi guluu.

Matabwa nawo anavulala. Lachisanu, loyandikana ndi magetsi, linapindika chifukwa linapakidwa vanishi kutsogolo kokha. Kumbuyo kosapakako kunauma msanga n'kukoka. Kanthambi kena ka mamilimita 2 kanathyoka.

Pomwe tinasiyana maganizo

Bambowa anabwera ali ndi yankho kale: tigule adaputa ya 5A ndi lamba watsopano wa mtundu womwewo. Pa masamu a magetsi zikanatheka, chifukwa 5A pa 12V ndi ma watt 60. Koma zikanachotsa chinthu chokhacho chomwe chinkateteza bokosilo. Ma watt oposa 40 akanamayaka usiku wonse osadukiza, m'bokosi lamatabwa lotseka, pafupi ndi pepala, m'chipinda chogona mwana. Ndinakana. Amisiri anzanga, munthu akakubweretserani chinthu chophethira, musathamangire adaputa yaikulu musanafunse kuti mphamvu yonseyo ikukathera kuti.

Ndinawauza kuti ndichotsa lamba yense n'kuika wina wodya mphamvu yochepa pafupifupi ka 7. Nkhope inagwa.

"Nanga pakati paja sipadanso, amisiri? Paja ine ndinawonjezera chifukwa cha mdima."

"Bambo, mdima uja sunabwere chifukwa choti magetsi anachepa. Bokosili ndi losaya."

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Kuwala kochokera m'mbali kumafuna mpata woti kuyende, kugunde kumbuyo, kubwerere, kusakanikirane, kenako kufike pa chophimba chakutsogolo kutafalikira. M'kampata ka mamilimita 15, pakati pa pepala ndi thabwa lamafuta lomwe limameza kuwala, kunkafa kusanayende ndi masentimita angapo omwe. Kuwonjezera timababu m'mbali kukanangowalitsa m'mbalimo. Timadontho nato timachokera ku kusaya komweko. Pa lamba wa timababu 60 pa mita, kababu kalikonse kamatalikirana ndi kanzake pafupifupi mamilimita 17. Lamulo lomwe timayendera ndi lakuti chophimba chitalikire ku timababu mtunda wofanana ndi mpata wa pakati pa timababuto, kapena kuposa. Ndiye mpata wofunika kuuyang'ana ndi waukuluwo: mizere yawo inayi inatalikirana masentimita 6, choncho pepala linafunika kukhala kutali chimodzimodzi kuti mizereyo isaoneke. Linali pa mamilimita 15.

Kufotokoza pakamwa sikunawagwire mtima, ndiye ndinapanga bokosi loyesera la katoni, mkati mwake loyera, lokhala ndi chakumbuyo chosendezeka. Ndinazunguliza lamba wochepa mphamvu uja m'mbali, n'kuika chithunzi chawo kutsogolo, tili m'chipinda chamdima. Pa mamilimita 15 pakati panali pakuda monga kale. Ndikukokera chakumbuyo pang'onopang'ono, mdimawo unkafota tikuona. Pa mamilimita 30 unatsala kachigamba pakati, ndipo pa 45 mbalame zonse zinaonekera bwinobwino. Sanatsutsenso. Katoni yotereyi imatenga kanthawi kochepa kupanga, ndipo iyenera kubwera musanadule felemu, osati mutamata kale.

Anafunsa ngati sitingamate pepala lonyezimira la aluminiyamu kumbuyo kuti kuwala kuchuluke. Tinayesa pomwepo. Chonyezimira chimabweza kababu kalikonse mmene kalili, ndiye timadontho timangochulukana. Penti woyera wosanyezimira ndi amene amamwaza kuwala mbali zonse.

Ndinalingaliranso lamba wa COB, uja wokhala ndi timababu mazana angapo pa mita pansi pa mzere umodzi wa phosphor, amene amayaka ngati mzere wosaduka. Ndi wabwino pomwe lamba akuonekera kapena pomwe simungathe kukulitsa kuya kwa bokosi. Koma amathetsa timadontho basi, osati mdima wapakati, ndipo ambiri amadya mphamvu yochulukirapo. Pano lamba akanabisika, choncho panalibe chomulipirira.

Mmene ndinalikonzera

Ndinawonjezera felemu ina kumbuyo kuti mpata wa magetsi ufike mamilimita 45, mkati monse n'kupaka penti woyera wosanyezimira. Pepala lija ndinachotsa, m'malo mwake n'kuika pulasitiki yolimba ya acrylic ya opal ya mamilimita 3, yoyera yosaonetsa za kuseri koma yodutsa kuwala. Podula acrylic pa scroll saw muchepetse liwiro, musachotse kapepala kake kotchingira, ndipo mugwiritse ntchito mpeni wa mano otalikirana. Mukathamanga imasungunuka n'kumatananso kumbuyo kwa mpeni. Sindinaimate ndi guluu. Imalowa m'kangalande, ndi mpata wa milimita imodzi m'mbali, chifukwa acrylic ndi thabwa sizifutukuka mofanana.

Lamba watsopano ndi wa 3528, timababu 60 pa mita, ma watt 4.8 pa mita, wa 2700K, kutanthauza kuwala kofunda kopendekera ku chikasu. Wakale uja anali wa 6000K, ndipo pansi pa kuwala kozizira koteroko birch imaoneka yotuwa ngati yafa. Kuwala kofunda kumatulutsa mtundu wa thabwa, komanso n'koyenera chipinda chogona.

Sindinamate lamba pa thabwa. Ndinamanga timizere ta aluminiyamu m'mbali zinayi ndi timasikuluwu, n'kutipukuta ndi sipiriti, kenako n'kumatapo lamba. Aluminiyamu amakoka kutentha kuchoka kumsana kwa lamba, ndipo zomatira zimagwira pamalo osalala oyera. M'ngodya sindinapinde. Lamba wopindidwa mwamphamvu amathyoka timizere ta kopa mkati, vuto n'kudzaoneka patapita miyezi. Amadulidwa pa timalo ta kopa tolembedwa chizindikiro, timababu titatu tilitonse, zomwe pa lamba ameneyu ndi masentimita 5 alionse. Ndinadula zidutswa ziwiri za masentimita 35 ndi ziwiri za 25 kuti m'ngodya mutsale malo a mawaya, n'kuzilumikiza powotcherera timawaya tatifupi, pamwamba n'kuveka timachubu ta heat shrink tomwe timafota tikatenthedwa. Timalumikizo tongopanira tija ndimatikayikira. Timakhwefuka, ndipo m'chinthu choti chikakhala m'chipinda cha mwana sindifuna chokhwefuka.

Lamba yense ndi mamita 1.2, ma watt osakwana 6, pafupifupi theka la amp. Adaputa ya 12V 1A ikukwanira ndi mpata wambiri. Kutsogolo kwa lamba ndinaika kathabwa kotchinga ka mamilimita 10 kuzungulira, kuti kuwala kusagunde acrylic mwachindunji m'mbali. Popanda kameneka m'mphepete mumawalabe kuposa pakati.

M'bokosi mumalowa 12V yokha. Magetsi a pa soketi amathera pa adaputa, kunja. Ndinamanga kasoketi ka DC ka mamilimita 5.5 ndi 2.1 (kukula kwa pulagi kunja ndi kwa kamsomali ka pakati) pa felemu, kuti wina akakoka chingwe pulagi izingozuka. Chochepetsera kuwala chili pa chingwe, kunja komweko. Zochepetsera zambiri zimagwira ntchito poyatsa ndi kuzimitsa LED mofulumira kwambiri, ndipo zina zosalongosoka zimachita izi pang'onopang'ono moti maso amatopa. Ndimaziyesa pozitsitsa kwambiri n'kugwedeza pensulo patsogolo pa kuwala, ndikaona mapensulo angapo odukaduka ndimadziwa kuti sichabwino. Thabwa lakumbuyo tsopano ndi lomanga ndi masikuluwu. Ndinaboolanso timabowo pansi ndi pamwamba, totchingidwa mkati kuti kuwala kusatulukire. Pa ma watt 6 mwina sitinali tofunika kwenikweni, koma kuboola sikuvuta.

Zomwe kuwala kunaulula

Chinthu chomwe sitinachiyembekezere chinaoneka kuwala kutafalikira bwino. M'mphepete mwa nthambi ndi udzu munali tindevu ta thabwa tambirimbiri, tomwe masana sitinkaoneka konse. Kuwala kochokera kumbuyo kumagwira kandevu kalikonse n'kukawalitsa, mzere womwe unayenera kukhala wakuthwa n'kuoneka wanyankhalala. Bambowa ankadula ndi mpeni nambala 5 wa mano oyang'ana pansi okhaokha, womwe umang'amba kunsi kwa pulayiwudi potuluka, ndipo ankapala ndi sandipepa kutsogolo kokha popeza ndi komwe anthu amaona. Pa ntchito yowala kuchokera kumbuyo, kumbuyoko n'komwe kumajambula chithunzi. Mpeni wocheperapo wa reverse tooth, womwe mano ake apansi amayang'ana m'mwamba, ukanachepetsa vutoli, makamaka poikanso kathabwa kotayika kunsi podula. Apa panalibe njira yachidule. Tinamasula matabwa onse asanu, iwo eni n'kukhala pansi ndi tupa wamng'ono ndi tizidutswa ta sandipepa, bowo ndi bowo.

Kachiwiri, pulayiwudi ya mamilimita 3 siyitchinga kuwala konse. Thabwa lachisanu linkayaka mofiirira, n'kumaonetsa zigamba ndi timipata ta m'kati mwa pulayiwudi tomwe maso saona. Ena amakukonda kufiira kumeneku, ndipo pa chithunzi cha dzuwa likulowa kungathandize, koma pano kunkasokoneza mithunzi ya nthambi. Ndinalipaka penti wakuda kumbuyo, n'kupakanso vanishi kumbuyo kwa matabwa enawo kuti mbali zonse ziwiri zizimwa ndi kutaya chinyezi mofanana.

Kanthambi kothyoka ndinakalumikiza ndi guluu wa matabwa, kuseri n'kumata kachigamba kopyapyala kocheperapo kusiyana ndi nthambiyo. Chigamba chikangotulukira m'mbali ngakhale pang'ono, kuwala kumachionetsa.

Zotsatira

Ndisanalipereke ndinalisiya likuyaka usiku wonse lili lotseka, kuwala kuli pamwamba penipeni. M'mawa aluminiyamu anali wongofunda, woti chala n'kukhalapo mpaka kalekale, ndipo adaputa inali chimodzimodzi. Lamba wakale uja, pa kachidutswa kamoyo komwe ndinayesa pa thabwa, chala sichinkapirira nthawi yaitali.

Thabwa lachisanu silinawongoke lonse. Ndinalipanikiza pakati pa matabwa awiri osalala lisanapakidwe, linabwerera pang'ono, koma mbali yakumanzere ikadali yotukuka, moti mthunzi wa kumeneko ndi wokulirapo. Ndinapereka ganizo loti lidulidwenso. Iwo anati likhale momwemo, ndipo kunena zoona amene sakudziwa sangaone.

Patapita miyezi ingapo bokosilo linabweranso, akuti layambanso kuphethira. Koma ulendo uno kuphethira kwake kunali kwina: kunalibe nthawi yake, kunkangochitika wina akagwedeza tebulo kapena kukhudza chingwe. Kusiyana kumeneku n'kofunika kufunsa musanatsegule kalikonse. Kuphethira kobwerezabwereza mofanana, koyamba chinthu chikatentha, kumaloza ku adaputa yolemedwa. Kobwera ndi kugwedeza kumaloza ku malo olumikizira. Nditayang'ana adaputa ndinapeza kuti si ija ndinawapatsa. Kunyumba inasinthana ndi ya chipangizo china. Inali ya 12V ndithu, mwamwayi, koma pulagi yake inali ya mamilimita 5.5 ndi 2.5. Kunja ziwirizi n'zofanana ndipo imalowa bwinobwino, koma bowo lake lamkati ndi lalikulu pa kamsomali ka 2.1, ndiye imangokhudza mwa apo ndi apo.

Ndinapezerapo mwayi womasula masikuluwu n'kuona mkati. Lamba anali chimatirire, mtundu wa kuwala sunasinthe, acrylic inalibe banga. Adaputa yoyenera itapezeka ndinaikulunga katepi kofiira kuti izidziwika, ndipo pafupi ndi kasoketi, pa thabwa penipeni, ndinalemba ndi inki yosafufutika: 12V, 1A, pakati positive, pulagi 5.5 ndi 2.1.